Kalipentala amene anakalanda mphatso zake

Mwezi watha tinaika m'manda Bambo Kalipentala, ndipo ambiri mwandipempha kuti ndilembe za moyo wawo. Anabadwira mumzinda muno, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya bambo awo, momwe anakhalamo moyo wawo wonse, ndipo anagwira sowo asanadziwe kulemba dzina lawo. Mabenchi amene mumasinzirapo nthawi ya ulaliki anakhoma ndi iwowo.

Kwa zaka makumi atatu, nyengo yozizira ikafika, ankadzaza wilibala ndi zidutswa za matabwa, zapenti ndi zaguluu zomwe, n'kugawira amayi amasiye a mumsewu wawo kuti aziotha. Tinkawatamanda mpaka pa guwa. Utsi unkagona pakati pa nyumba kufikira masana, zovala zinkada pachingwe, ife osaganizapo kanthu.

Kenako mwana wamkazi wa mayi wosoka zovala, amene amakhala pamwamba pa shopuyo, anayamba kubanika. Pofika zaka zisanu zakubadwa anali atagonekedwa m'chipatala katatu ndi mphumu. Namwino wa mumpingo mwathu, yemwe sadziwa kuzungulira polankhula, anawapeza akupakira wilibala.

"Bambo, mwana uja akupuma penti yanu," anatero. "Zenera lawo lili pakamwa pa chumuni chanu. Nyengo yozizira inanso ngati iyi, sapulumuka."

Sanadziteteze. Anakhala pansi pa utuchi n'kulira. M'mawa mwake anayenda khomo ndi khomo, wilibala ili yopanda kanthu, kukatenga zomwe anapereka. Mayi wina wamasiye anawafunsa kuti, "Chikhristu chakutherani, eti?" Iwo anangoti, "Ndinakupatsani choipa, mayi. Pepani." Inenso ndinawanena kumbali, ndipo manyazi ake ndidakali nawo.

Kuyambira pamenepo ankagawa nkhuni zopanda penti zokha, zoumitsidwa chaka chathunthu. Ankachotsa mwaye m'chumuni cha nyumba iliyonse ndi kumata mipata ya mazenera. Chitofu cha kwawo sanachiyatsenso. Koma mapapo awo anali atawonongeka kale, ndipo patapita zaka zinayi ankapumula katatu panjira yobwera kutchalitchi.

Tsiku lomaliza kunazizira koopsa. Wansembe atawapempherera n'kuchoka, akazi a Bambo Kalipentala anawagwira mapazi, n'kupeza atazizira zii. Anatenga machesi kuti ayatse chitofu.

"Mayi, siyani," anatero Bambo Kalipentala. "Mwana ali pamwambapa. Ndifunditseni jekete."

Anawafunditsa. Anatisiya mwakachetechete dzuwa lisanafike pamutu, uku pamwamba pakumveka mapazi a mwana uja akudumpha chingwe.