Zala Zonse Khumi

Tsiku limene dokotala anamasula bandeji, Mphezi anayesa kupinda zala za dzanja lake lamanja. Zitatu zinamvera. Ziwiri zinangoti njo, ngati si zake.

"Mitsempha inadukiratu," anatero dokotala. "Muthokoze kuti mpeniwo unathera padzanja."

Inu amene moyo wakugwetsani, tamvani za munthu ameneyu. Ntchito yake inali yautelala, ndipo telala amadyera zala. Dzina loti Mphezi analitenga ku kalabu ya karate, kumene anatha zaka khumi ndi ziwiri akuponya mateche mpaka kuvala lamba wakuda. Akamayenda, mukanati msewuwo analambula ndi bambo ake.

Kalabuyo inali ndi lamulo losalembedwa. Kochi akakuitana kutsogolo kuti aonetse luso lolanda mpeni, iwe unkatambasula mkono utagwira mpeni wamtengo, n'kuuimika m'malere kudikira. Akakupotokola unkagwa msanga, n'kubuulako pang'ono kuti zikome. Wolimbalimba ankatchedwa wamwano ndipo ankamuthamangitsa kuzungulira bwalo mpaka lilime panja. Choncho aliyense ankagwa, ndipo aliyense ankakhulupirira. Mphezi anali atalanda mpeni wamtengo kosawerengeka, osaphonyapo.

Ndiye masana ena, pamalo okwerera basi, kamunthu kena kowonda kanamutulutsira mpeni n'kunena kuti, "Foni." Mphezi anamwetulira. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Wakubayo anali asanapondeko ku kalabu, zoimika mkono sankazidziwa. Anangokoka mpeniwo, kuubwezanso kawiri, n'kuthawa ndi foni yomweyo.

Kochi anabwera kuchipatala kudzamuona.

"Unachedwa kutembenuza chiuno," anatero. "Luso lija lilibe vuto, wolakwa ndiwe. Ndipo anzako usawafotokozere zambiri, angagwe mphwayi."

Mawuwo anamupweteka kuposa mpeni. Koma chimene chinkamudya mtima kwenikweni chinali china. Mwana wake wamkazi, wachisamba, anali atatha zaka zitatu m'kalabu yomweyo, ndipo kayendedwe kodzimva kaja anali atatengera.

"Wakuba ameneyo ndikadzakumana naye adzandidziwa, ababa," anatero mtsikanayo akuwamanga mabatani a malaya.

Mphezi anachita mantha, mantha amene sanawamve ngakhale pamaso pa mpeni uja. Anaona kuti tsiku lina adzaitanidwa kuchipatala, mwinanso koipa kuposa kuchipatala.

Anayamba ndi dzanja lake. Kwa miyezi isanu ndi iwiri anaphunzira kugwira sizasi ndi zala zitatu. Madilesi oyamba ankatuluka opendekeka, makasitomala anathawira kwa ena, koma iye m'mawa uliwonse ankatsegula shopu n'kudula nsalu zotsala. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Pang'onopang'ono sizasi inayamba kumumvera.

Chinthu choyamba chimene anasoka chowongoka chinali malaya oyera. Anagula cholembera chofiira, chachikulu chija cholembera pamakatoni, anakankhira matebulo kukhoma m'chipinda cha kuseri kwa shopu, n'kuitana mwana wake.

"Vala awa. Ine ndine wakuba, cholemberachi ndi mpeni. Ndilande."

"Ndiye imikani kaye mkonowo."

"Wakuba saimika mkono, mwana wanga."

Sipanathe ndi mphindi yomwe. Malayawo anali atati psuu ndi mizere, pamimba, m'nthiti, wina m'khosi mwenimweni. Mtsikanayo anati ayambirenso. Anayambiranso kasanu ndi kanayi, ndipo tsopano poyera pankachita kusowa. Anakhala pansi, misozi ya ukali ili mbwe.

"Ndiye zaka zonsezi amatiphunzitsa chiyani?"

"Mateche ako ndi enieni, mphamvu zako ndi zenizeni. Bodza ndi loti zimaposa mpeni."

Kalasi ya Mphezi inayamba choncho. Ankaphunzitsa kuona munthu akadali patali, kusalola kupanikizidwa kukhoma, kukuwa mochokera m'mimba, kuponya chikwama uko iwe n'kuthawira uku. Nkhonya ndi mateche ankaphunzitsanso, koma zongotsegulira njira pamene pothawira palibe. Ndipo anakhazikitsa lamulo limodzi: wochita ngati wakuba asagwe mwaulemu, ngakhale akulimbana ndi mphunzitsi. Iye mwini ankalembedwa mizere pamaso pa ophunzira ake, n'kumaseka.

Oyamba anali khumi ndi asanu. Ofuna zouluka m'malere za m'mafilimu anachoka, panatsala anayi. A ku kalabu yakale anaitcha kalasiyo sukulu ya amantha, ndipo Mpheziyo anamusintha dzina n'kukhala Liwiro. Ngakhale mkazi wake sanamusiye.

"Anzanu akuphunzitsa kumenya, inu kuthawa," ankatero akuchapa malaya oyera aja. "Kodi kuthawa n'kochita kulowera kalasi, bambo a mwana?"

"Ine ndinakuphunzira mochedwa, mayi. Mwaona malipiro ake."

Sanasiye. Anamwino otuluka kuntchito anayamba kubwera, kenako amayi a mumsika ndi oyendetsa magalimoto. Koma za mwana wake mtima sunakhale pansi. Mtsikanayo ankabwera ku kalasi osajomba, komabe akamamenya thumba la mchenga ankalimenya ngati lili ndi nkhope ya wakuba uja.

Panapita zaka zinayi. Mtsikana uja anali atayamba ntchito mushopu yogulitsa mankhwala. Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro foni ya Mphezi inalira, nambala yachilendo.

"Ababa, ndine. Munthu wanditulutsira mpeni."

Mmene anayendera sakukumbuka mpaka lero. Anafika tepi yoyezera idakali m'khosi, n'kumupeza mwana wake atakhala pasitepe ya shopu ina, bondo litasupuka, mutu atazolika ndi manyazi.

"Anali wochepa thupi, ababa. Ndikanamutha. Mwendo unali utayamba kale kunyamuka wokha. Kenako ndinakumbukira malaya aja. Ndinaponya chikwama uko, ine uku, ndikukuwa. Bondoli ndagwa ndekha pothawa." Anadzutsa mutu. "Ndi chikwama chija munandisokera."

Mphezi anagwira manja a mwana wake n'kuyamba kuwerenga zala mokweza, monga ankachitira ali khanda. Chimodzi, ziwiri, zitatu. Chilichonse ankachipinda n'kuchiwongola. Atafika pa khumi anakhala pansi pafumbi pomwepo, n'kuseka mpaka misozi kuyenderera. Katundu amene anamusenza zaka zinayi anatsika tsiku limenelo.

"Chikwama ndisoka china mawa," anatero. "Chala sindisoka."

Lero m'chipinda cha kuseri chija simukwananso anthu, ndipo Loweruka wophunzitsa ndi mwana wake. Malaya oyamba aja, amene inki yake inakana kuchoka, anawakhomera pakhoma pamene ena amapachika zikho.

Inu amene munagwetsedwa ndi chinthu chimene munkati mukuchidziwa bwino, musabise chipsera chanu ndipo musalole wina akuuzeni kuti mukhale chete. Dzukani, phunziraninso ndi zala zimene zatsala. Mtima wokhawo musautaye, pakuti pamene inu munagwera pakhoza kupulumukira mwana wanu.