Dzino la m'mwamba la atate ake ana

Ine mano anga akalipo ambili, ngakhale awili akugwedela. Ndinakulila ku Kaumbwe, makolo atachoka ku Katete kudzafuna minda, ndipo kwathu mswachi unali wa kuthengo. Timakumba muzu wa kachitsamba kena, n'kuutafuna kunsonga mpaka ufewe ngati katsache, ndiye kumakwecha mano uku tikupita kumadzi. Muzu umenewo umafiilitsa milomo. Ife atsikana timaukondela zomwezo, za mano zinali za amai. Mano akayamba chikasu, makala osinja ndi kamchele pachala, basi yatha.

Ndiye ndinakwatiwa ku Ndake, kwa Ansenga. Apongozi anga aakazi iwo ankatsuka ndi phulusa, kenaka n'kuika fodya kumlomo tsiku lonse. Mano ofiila ngati dothi la pachulu, koma kukukuta chimanga chokazinga ngati chigayo! Mulungu awasunge, anali munthu wabwino, kungoti malovu paliponse.

Mwana wao, aamuna angawo, anakhalako ku Lusaka ali mnyamata. Anabwelako ndi zinthu ziwili: mswachi wa pulasitiki ndi chikondi cha shuga. Tiyi akamwa, shuga wotsala pansi pa kapu amakombeza ndi chala. Nzimbe ndiye musanene. Koma mswachi uja umakhala m'thumba la jekete la kuchalichi, ndipo mankhwala a m'chubu amatuluka pa Sondo pokha.

Ndikati, "Atate ake ana, lelo osatsuka m'kamwa?"

Iwo amati, "Lelo n'Chitatu. Kumunda ndani aziona mano anga, ng'ombe? Inu pitilizani kudya mitengo ngati mbuzi."

"Mbuzi munaimvapo ikulila dzino?"

Timaseka, n'kupita kukalima. Pa Sondo ndiye thovu mpaka kuchibwano, chifukwa ndiwo amawelenga Mau kutsogolo, ndipo amafuna akatsegula pakamwa anthu amve fungo la m'tauni.

Takalamba chonchi, dzino la m'mwamba, la kumanzele chakumbuyo, linayamba. Poyamba amabisa. Ndinangoona munthu akutafunila mbali imodzi ngati ng'ombe yobzikula, tiyi akuyamba wauzila mpaka azizile. Kenaka tsaya linatupa.

Ndinati tiyeni kuchipatala akachotse. Anakana kwamtuwagalu. Kwao amati dzino la m'mwamba lili ndi mtsempha wopita kudiso, ukazula diso limafa. Anandiuza za amalume ao ena amene anazulitsa dzino n'kuchita khungu. Amalumewo ine ndinawapeza, anachita khungu ali nkhalamba yoyendela ndodo, koma nkhani imeneyo simukanaiwina.

"Ndikafa maso, adzawelenga Mau ndani? Aja amadumpha mizele aja?" Apa sanali kuseka. Kuwelenga kumene kuja ndiye kunali ulemu wao wonse pamudzi, ndipo ine ndimadziwa.

Choncho tinayesa zakumudzi. Kunabwela mai wina wa pafupi nafe, katswili wa nthula. Anawotcha khasu pamoto, n'kuikapo njele za nthula ndi timafuta, n'kuvundikila chikho choboola, bambo n'kumakoka utsi ndi bango kulozetsa padzinopo. Pansi anaika mbale ya madzi. Posachedwa m'madzi muja munaoneka tinthu toyela topindika.

"Si izi mphutsi zimakudyani!" anatelo maiyo.

Bambo anakondwa, mpaka anam'patsa nkhuku. Ine ndinatola kamodzi n'kukafinya, kanali kolimba ngati m'kati mwa njele. Ndinangokataya mwakabisila, munthu wadwala sumulanda chimwemwe. Koma m'mawa mwake tsaya linali ngati abisamo mango, thupi moto, ndipo kutupa kunakwela mpaka diso lakumanzele linatsala kamng'alu chabe.

Ndinatenga Baibulo lao n'kuwaika pamiyendo. "Tsekani la kumanja, muwelenge."

Anayesa. Anasendeza buku kufupi, analipititsa kutali. Zilembo sizinaoneke.

"Diso mukulisungalo, dzino layamba kale kulidya. Valani jekete."

Tinakwela galimoto ya thonje mpaka ku Nyimba. Wa mano anali mtsikana, msinkhu wa mwana wathu wotsiliza, wolankhula Chinyanja cha ku Lusaka. Anati kutupa kuyambe kwaphwa, anawapatsa mapilitsi, tibwelenso. Masiku amenewo bambo amangoyenda m'munda kuyang'ana chilichonse, mitengo, mapili, ngakhale ine amandiyang'anitsitsa ngati akutsazika. Ndinachita manyazi ngati namwali.

Tsiku lozula anandigwila dzanja osataya. Mtsikana uja anawabaya nyeleti m'kamwa, n'kumacheza nao. Atamva za mswachi wa pa Sondo anaseka mpaka anakhala pansi. "Atate, shuga mukudya tsiku lililonse, kutsuka pa Sondo chabe?" Ine ndinayamba kudzimva, koma anati nane nditsegule pakamwa. Anati muzu uli bwino, ndisausiye, koma makala andipala mano ndi usinini, n'chifukwa chake awili aja akugwedela. Dzino litazulidwa, bambo, thonje lili m'kamwa, anakwanitsabe kunena kuti, "Mbuzi."

Atangodzuka pampando anatseka diso lakumanja ndi chikhatho, n'kuyamba kuwelenga chipepala cha pakhoma, mokweza, mau akutuluka ngati aledzela. Anawelenga chonse mpaka pansi, za kusamba m'manja, anthu pabenchi akuwayang'ana. Atatha anati, "Likuona." Misozi mbwee. Anati ndi mankhwala.

Dzino analiitanitsa, ati chiwalo cha munthu sichitsala kwa alendo. Titafika kunyumba anaima pabwalo, mdala wa imvi, n'kuliponya padenga monga timachitila tili ana, uku akuuza khwangwala kuti atenge lakale awapatse latsopano. Anaiwala kuti udzu tinachotsa, ana anatiikila malata. Dzino linangoti ngwee, gubudu gubudu, n'kugwa pamapazi pao. Tambala analithamangila.

"Choka iwe!" Analitola, analipukuta pajekete, n'kupita nalo kunkhokwe, kumene kukali udzu. Kumeneko linakhala.

Atabwela anandifunsa ngati phala lapsa, ndipo ngati muli shuga. Ndinati alimo pang'ono.