Wosoka Nsapato Amene Anakana Hatchi

Kashopu ka a Chidendene kali pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa malo osindikizira mapepala ndi sitolo yogulitsa mababu. Munthu wamtali akamalowamo amawerama ngati wabwera kudzapepesa. Muli benchi, chitsulo chokhomerapo nsapato, zitini zitatu za guluu, ndi mulu wa nsapato zosatengedwa zomwe eni ake kaya anasamuka, kaya anaganiza zoyamba kuyenda chosavala. Dzina loti Chidendene analipeza pantchito pomwepo. Ukawapatsa moni maso awo amakhala pansi. Nkhope yako mawa lomwe aiwala, koma mbali imene umadyera soli adzaikumbuka mpaka kalekale.

Pakati pa zitini ziwiri za guluu pamatsamira foni yong'aluka galasi, ndipo m'menemo ndi mmene muli moyo wawo wachiwiri. Ndi masewera aja a pa intaneti amene munthu umasankha kukhala msilikali, mlenje kapena wochiza, n'kumayendayenda m'dziko lojambula limodzi ndi anthu miyandamiyanda amene sudzawaona nkhope. A Chidendene ndi wochiza: kamdala ka ndodo, ka mkanjo wotuwa, koima kumbuyo n'kumabwezera anzake moyo zilombo zikamawakhadzula. Iwo amati ntchito yake ndi yomweyi. Ena amang'amba, iwo amasoka.

Anawalowetsa m'zimenezi ndi alamu awo, mchimwene wa akazi awo, wogulitsa mafoni, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Nthawi imeneyo aliyense ankalipira pamwezi, ndalama yofanana. A Chidendene sankadandaula. Ankati imeneyo ndi lendi, ndipo munthu wosalipira lendi ndi wakuba. Wolemera ndi wosauka onse ankayamba ndi malaya achigamba ndi kamtengo m'manja. Ukaona wina ali ndi lupanga labwino unkadziwa kuti analikhetsera thukuta.

Kenako eni masewerawo analengeza kuti zolipira pamwezi zatha, kulowa ndi ulere. Anthu anaomba m'manja. M'mawa mwake pakati pa mzinda wa m'masewerawo panamera sitolo. Munali malupanga onyezimira, mankhwala okulitsa munthu msanga, mabokosi a mwayi amene umagula osadziwa kuti muli chiyani, komanso mahatchi. Ngolo zimene zinkanyamula aliyense anazichotsa, nati akukazikonza. Mpaka lero akuzikonzabe. Ndipo aliyense wogula kanthu m'sitolomo, ngakhale chipewa, pambali pa dzina lake pankatuluka kanyenyezi kagolide kosafufutika.

A Chidendene analumbira ali ndi misomali itatu pakamwa kuti m'sitolo imeneyo sadzapondamo.

"Nyumba akuti ndi yaulere, koma chitseko ugule, mpando ugule, ndi pansi popondapa pomwe ugule," iwo anatero. "Bola lendi ija."

Choncho anayamba kuyenda wapansi. Kuchoka mumzinda kukafika kumapanga a zilombo, wa hatchi ankatenga mphindi zinayi. Iwo ankatenga mphindi makumi anayi. Ankaloza kamdala kawo njira, n'kupaka guluu pa soli, n'kuyang'ana foni, n'kukakhotetsa pa mtengo wouma, n'kukhoma msomali. Guluu amafuna kudikira, msewu nawo umafuna kudikira, ndiye zinkayendera limodzi.

Pomwe zaka zitatu zimatha anali atatchuka. Pa mlatho wa miyala wa kunja kwa mzinda pankasonkhana osagula anzawo, anthu opanda nyenyezi, khumi kapena makumi awiri, kudikira kuti ayende nawo. Ankawatcha Mdala Wapansi. Ena ankalemba m'zinenero zimene a Chidendene sanazimvepo, iwo n'kumangoyankha ndi kachithunzi ka dzanja lobayibitsa. Munthu amene pamsewu wa kushopu kwake amadziwika ndi fungo la guluu, kumeneko ankamupatukira njira.

Koma kumapanga munthu salowa yekha. Amalowa asanu, ndipo gulu la a Chidendene linkakumana Lamlungu lililonse 3 koloko masana, aliyense kwawo, mawu akudzera m'timawaya ta m'makutu. Mtsogoleri anali anamwino a pachipatala cha ana, mayi wa mawu ochepa amene ankaima kutsogolo ndi chishango. Panali alamu aja, aphunzitsi a masamu amene ankasoketsa nsapato kwa a Chidendene komweko, ndi mlenje wina wa kutali amene sankayankhula n'komwe, ankangotumiza kachithunzi ka chala chachikulu, kaya mwapambana kaya mwafa nonse.

Podikira a Chidendene pakhomo la phanga, mkangano unkakhala womwewomwewo, ngati nyimbo ya pawailesi.

"Alamu, mwafika pati? Kapena titumize machira?"

"Ndadutsa chigayo. Inu werengani mabokosi anuwo. Sabata ino mwagula angati?"

"Asanu ndi awiri okha."

"Munapezamo chiyani?"

"Masokosi."

"Onsewo?"

"Limodzi munali nkhuku yotsatira munthu."

"Juga imeneyo, alamu. Kungoti ya kubala amakupatsako mpando."

Aphunzitsi ankatsokomola kaye ngati ali kutsogolo kwa bolodi. "Mabokosiwo ndi juga, sindikana. Koma akuluakulu, makina a masewerawa amadya magetsi, ojambula zilombozi ali ndi ana. Inu a Chidendene mukuyenda ulere chifukwa pali alamu anu akugula masokosi. Msewu mukunyadira nawowo, akukulipirirani ndi iwowa."

"Ine sindinapemphe ulere. Andibwezere lendi yanga, ndilipira mawa m'mawa."

"Zolipira pamwezi zinathamangitsa anthu. Mwezi umodzi ukasowa, akutsekera panja ngati lanilodi."

"Bola lanilodi, umadziwa tsiku lake. Awa amabwera tsiku lililonse atavala zosekerera."

Anamwino ankayankhula pomaliza. "Ine hatchi ndinagula, ndipo manyazi ndilibe. Sabata yonse ndimakhala chiimire. Ndili ndi masana amodzi okha. Sindinagule ulemu ine, ndinagula mphindi makumi atatu ndi zisanu ndi imodzi."

Wa kutali uja ankatumiza chala chachikulu.

Zinkatha bwino chifukwa a Chidendene ankanyamuka 2 koloko ndi theka, n'kufika mochedwa pang'ono chabe. Koma eni masewera sagona tulo. Anabweretsa lamulo latsopano: phanga la sabata imeneyo lizidziwika nthawi yomweyo 3 koloko ikakwana, ndipo khomo lake lizitsekeka pakapita mphindi khumi ndi zisanu. Anati n'cholinga choti masewera azisangalatsa. Tsiku lomwelo mahatchi anawatsitsa mtengo.

Lamlungu loyamba khomo linatsekeka a Chidendene ali pa chigayo. Anayiwo analowa opanda wochiza, chilombo chinawapukuta ngati mbale. Lamlungu lachiwiri a Chidendene anayesa kulosera, nakaima kumpoto. Phanga linatulukira kummwera. Anakhala pabenchi yakunyumba akumva m'makutu anzawo akufa mmodzimmodzi, alamu awo akukuwa, "Moyo! Moyo! Wochiza ali kuti?"

Zitatha, anamwino sanakweze mawu. "A Chidendene, zaka zisanu ndi chimodzi simunandisiyepo ndife, ndipo wochiza ngati inu sindinamuone. Koma Lamlungu likubwerali mukapanda kufika pakhomo, nditenga wina. Sindikukuopsezani, ndikungokuuzani."

Lolemba m'mawa, m'bokosi la makalata la m'masewerawo munagwa phukusi lomangidwa riboni. Linali lochokera kwa alamu: hatchi yofiirira, ya chipumi choyera. A Chidendene anawerenga timalemba ta pansi atayandikizitsa foni pamphuno. Timati mphatso ikangotsegulidwa, wolandirayo naye amapatsidwa nyenyezi. Anaisiya chitsekere, nakhoma chidendene cha nsapato ya mwini wake mwamphamvu moti msomali unatulukira mkati.

Akazi awo, amene amasoka makatani kunyumba, nkhaniyi anaimva kwa achimwene awo.

"Abambo ake, akuti mwakana mphatso ya achimwene?"

"Sindinakane. Sindinatsegule."

"Makina opukutira nsapato aja anakupatsani chaka chatha munatsegula tsiku lomwelo."

"Amenewo ndi ena."

"Ee, ndi enadi, amenewo ndi enieni. Iyi ndi hatchi yoti ngakhale ndowe ilibe." Analuma ulusi n'kuudula. "Ine za nyenyezi zanuzo sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lamlungu masana mumaseka nokha ngati wozungulira mutu, ine n'kumasoka mwamtendere. Masabata awiriwa mwakhala mukunditsatira mpaka kukhitchini. Dzana mwasoka silipasi yanga yosaduka. Akakuchotsani m'gulumo, ine ndikuikani pati?"

Lachitatu a Chidendene anayenda ndi anthu a pa mlatho mpaka kunyanja ya mchere ya kumalire a dzikolo, popanda chokatenga, kungoyenda. Anali anthu makumi awiri ndi atatu, mzere umodzi, okwera mahatchi akuwadutsa ndi fumbi. Phukusi lija linkangophethira pakona ya galasi.

Lachisanu masana aphunzitsi anawerama n'kulowa m'kashopu atanyamula nsapato zakuda m'pepala.

"Soli yayasama iyi. Mawa m'mawa ndili ndi msonkhano wa makolo."

"Pali anthu asanu ndi mmodzi patsogolo panu, aphunzitsi. Lachiwiri."

"Lachiwiri? Ndikaime pamaso pa makolo nsapato ikuseka?"

A Chidendene, maso ali pa soli, analoza ndi nyundo kakatoni kamene kakhala pakhoma zaka khumi, kolembedwa ndi dzanja lawo lomwe: YOFUNA LERO LOMWE, MTENGO NDI WINA.

Aphunzitsi anakawerenga. Anavula magalasi, napukuta, nawerenganso. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wapeza yankho la samu imene yamuvuta chaka chonse, mpaka anagunda mutu kumasitepe.

"A Chidendene! Imeneyi si hatchi?"

"Hatchi yanji?"

"Anthu asanu ndi mmodzi akuyenda wapansi mpaka Lachiwiri. Ine ndikaonjezera kangachepe ndiwadutsa ndi fumbi. Mwangoiwala kundimata nyenyezi pachipumi."

"Zimenezo n'zosiyana. Ine ndimagwira ntchito ndi manja."

"Ojambula hatchi amagwira ndi mapazi?"

"Ine sindinachotse ngolo kuti anthu agule!"

"Pamenepo mwanena zoona," anatero aphunzitsi akupukuta misozi. "Ngolo simunachotse. Koma hatchi mumagulitsa. Ndipatseni imodzi, ndikufuna lero lomwe."

Anawasokera. Ndalama yoonjezerayo analandira, poti guluu sagulidwa ndi mfundo. Aphunzitsi atapita, anazula kakatoni kaja n'kukaponya kuseri kwa mulu wa nsapato zosatengedwa.

Lamlungu, 3 koloko itatsala pang'ono, a Chidendene anakhala pabenchi yakunyumba, foni itatsamira pa kapu. Kamdala kawo anakalowetsa kaye kuseri kwa khola la mumzinda, kopanda anthu, ngati munthu wofuna kutaya madzi. Anadina riboni. Kunalira malipenga, kunagwa timaluwa, ndipo dzina lawo linalengezedwa kwa aliyense amene anali mumzindamo, poti eni masewera salola munthu kugwa mwakachetechete. Kanyenyezi kanakhala pambali pa dzina, kowala ngati dzino lagolide.

Phanga linatulukira kum'mawa. Hatchi inathamanga moti chigayo sanachione, mtengo wouma sanauone. Pa mlatho anadutsa anthu aja akungooneka ngati mizere. Anafika pakhomo woyamba, naima yekhayekha, osadziwa kuti munthu wofika msanga amatani ndi manja ake.

"Ndani ameneyo?" anakuwa alamu atafika. "Mwaba foni ya alamu anga, bwezani!"

"Khalani chete, a Masokosi."

"Nyenyeziyo yakukhalani bwanji! Mukuoneka ngati bwana wa kampani."

"Mwafika," anatero anamwino. "Tiyeni. Muime kumanzere kwanga."

Wa kutali anatumiza chala chachikulu, kawiri.

Analowa. Chilombo cha sabata imeneyo chinali cha mitu itatu, ndipo alamu, mwa chizolowezi chawo, anakaima pamoto. A Chidendene anawasoka kanayi, aphunzitsi kawiri, anamwino sanawalole kutsika ngakhale theka la moyo. Chinagwa pasanathe ola. Kuchipinda chosokera, akazi awo anamva kuseka kuja, naponda makina.

Pobwerera sanakwere. Anatsika, nagwira chingwe, nayamba wapansi, hatchi ikutsatira pambuyo. Atafika pa mlatho anapeza anthu aja alipobe. Palibe anapatuka. Patapita kanthawi wina analemba kuti, "Nanunso, mdala?" A Chidendene anayamba kulemba zoti inali mphatso, zoti khomo limatsekeka, zoti anamwino ali ndi masana amodzi okha. Chala chawo n'chachikulu, cholimba ndi guluu, chimadina zilembo ziwiri nthawi imodzi. Anafufuta zonse n'kutumiza kadzanja kobayibitsa kaja. Mmodzi yekha ndiye anabweza. Kenako gululo linanyamuka ulendo wa kunyanja ya mchere, kutsogolo kuli mayi wina wa nkhwangwa amene ankayenda pambuyo pawo zaka zonsezi.

Malo awo m'gulu la Lamlungu alipobe mpaka lero, ndipo sachedwanso. Mkangano nawo sunathe, kungoti tsopano umachitika potuluka. A Chidendene amanenabe kuti bola lendi, ndipo akatero alamu amangolira ngati hatchi. Mkati mwa sabata, podikira guluu kuti agwire, mudzawapeza akuyendetsa kamdala kawo wapansi pamsewu wa kuchigayo, kokha, hatchi ili pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika.

Kakatoni kaja kanabwerera pakhoma. Anakapeza ndi akazi awo tsiku lina atabwera kudzasesa, nakakhoma ndi misomali inayi.