Buku Lodyedwa ndi Chiswe

Dzulo ndinatsegula sutikesi yakale, fungo la mapepala achinyezi n'kundibwezera kwathu ku Chiuta, kutsidya kwa malire, chaka chimene tinachoka ku Malawi, kumene tinathawira, nkhondo itatha.

Sukulu yathu inalibe denga, inalibenso mabuku. Aphunzitsi athu, amene tinkawatchula kuti Apulofesolo, anali atatola buku limodzi la nthawi ya Apwitikizi m'bwinja la nyumba ya aphunzitsi, chiswe chitadya m'mbali mwake. Ankawerenga m'Chipwitikizi, kenako n'kutimasulira ife obwera kumene.

Tsiku lina anawerenga tsamba lonena kuti anthu akuda ndi aulesi, ntchito anachita kuphunzitsidwa ndi azungu. Anatseka bukulo.

"Mukuti bwanji?"

Ine ndinakweza dzanja. "Buku silinama, apulofesolo."

Mtsikana wa Chiyao amene ndinkakhala naye pa chipika chimodzi anaimirira. Tinkamuseka chifukwa ankanunkha nsomba masiku onse. Anatambasula manja ake, ong'ambika ndi minga ndi mchere.

"Ine ndatumbula nsomba kusanache. Ababa akadali m'bwato. Mzungu amene anatiphunzitsa zimenezi ndi uti?"

Apulofesolo anawayang'ana manjawo nthawi yaitali, kenako anatambasula awo.

"Tsamba limeneli ndinaliloweza ndili msinkhu wanu. Ndikaphonya liwu limodzi, ankandimenya m'manja muno ndi thabwa. Mayeso ndinakhoza."

Anabwera pamene ndinakhala n'kundilozetsa bukulo, fumbi la chiswe likuyoyokera pa mawondo anga.

"Iwe wati silinama. Tenga, ukawawerengere amayi ako madzulo ano akaweruka kozula zitsa."

Manja anga ndinawabisa kumbuyo.