Kashata wa ku Dar

Ba sisi Dailesi, lero ku Dar es Salaam ndapeza kashata, maswiti a kokonati aja, mkwiyo n'kundigwira. Chaka chatha titabwera kuno kudzaoda nsapato, munanditengera kwa mayi wophika mpunga wa pilau wokoma kuseri kwa msika, kenako munagula kashata wodzaza pepala. Nditakukumbutsani za shuga wanu, munaseka: "Ba papa ku tchalitchi ananipempherera, mankhwala ninataya." Ndinakalipa mpaka anthu kucheuka, inu mukungotafuna.

Shuga yemweyo atakutengani, tinakuikani m'manda kwathu ku Kanyama ana anu akulira. Ba papa anuwo pamaliro sanapondepo, akugulitsabe madzi awo opemphereredwa a m'mabotolo. Munamvera iwo, osati ine mng'ono wanu! Kashata ndagulira ana anu. Ine sindilawa.