Kansato Kopukusa Mutu ka Wietse

Wietse Hoekstra amayendetsa basi ku Zwolle, ndipo chimwalirireni mkazi wake, m'nyumba amangokhala ndi njoka zake. Pa chionetsero cha oweta njoka anagula kansato ka mawanga okongola kwa woweta wina dzina lake Ruud. Kanali phee m'kabokosi kozizira. Katamva kutentha kunyumba, kanayamba kupukusa mutu, kugadama, n'kumaphonya mbewa ili pamphuno pomwe.

Wietse anabwerera nako kwa Ruud.

"Akulu, mwandigulitsa njoka yodwala."

"Si matenda amenewo," anatero Ruud, osasiya kutsuka mabokosi. "Zamawanga otere zimabadwa choncho. Munkafuna khungu, khungu mwalipeza."

"Ndiye mumaziswetsa dala?"

"Inu mukadzasiya kuzisirira, ine ndidzasiya kuswetsa. Kasiyeni apo, musankhe ina."

"Nanga akaka?"

Ruud analoza ndi mlomo firiji youmitsira mbewa, momwe amapheranso njoka zosafunika.

Wietse anatseka kabokosi n'kutuluka nako. Mpaka lero amakadyetsa yekha, atakagwira mutu kuti kasaphonye, ndipo ku chionetsero anasiya kupita. Chimene chimamudya mumtima n'chakuti kakagona bata, mawanga aja amawasirirabe.