Anyezi m'mbale ya Fifi

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro a pamwezi anandipezera ndi asisi anga, amene amagulitsa masamba, tomato ndi anyezi khomo ndi khomo ku Kalongwezi. Zaka zonse za m'mbuyomo ndinkadyera pakamwa. Ndinkakhala pa boda ya Mwami, kunenerera mitengo m'malo mwa anthu osadziwa kunenerera. Mayi wa zitenje akufuna dalaivala wa thiraki amunyamulire mabelo, ine pakati. Wina akugula njinga yakale, ine pakati. Zinthu zitavuta pa boda ndinabwerera kwathu ku Nabvutika, ndipo tsiku lina asisi anati, "Kuli amayi ena akufuna munthu wosamala agalu. Upite, koma pakamwa pakopo ukasiye pa geti."

Sindinapasiye. Amayi a Zulu, mphunzitsi wopuma ntchito, atatchula malipiro ndinayamba kukanda m'mutu, kuyang'ana kumwamba, kutembenuka ngati ndikupita. Iwo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Geti ili yotsegula, iwe Lazaro." Ndinayamba ntchito tsiku lomwelo, pa malipiro omwewo.

Agalu anali awiri. Bulaki anali chigalu chakuda cholondera, chosasankha, choti ukaiwala sopo panja sumupezanso. Wina anali Fifi, kagalu koyera ka ubweya wambiri kamene malemu a Zulu anagula atatsala chaka kuti amwalire. Bambo aja anamuzoloweza kudya za patebulo, ndipo iwo atapita Fifi anayamba kunyanyala. Chakudya cha agalu cha m'shopu ankangochinunkhiza. Ukamugwira, pansi pa ubweya wonsewo unkamva nthiti. Amayi ankati akamuona akuonda amamva ngati akulephera kusunga chimene amuna awo anawasiyira.

Mwana wawo wa ku Lusaka ndiye anatumiza katoni pa basi. Munali chakudya chimene ndinali ndisanachimvepo. Ndi nyama yaiwisi ya ng'ombe, chiwindi ndi mafupa opera, imene ku fakitale amayamba aiziziritsa mpaka kulimba ngati mwala, kenako makina amakoka madzi onse osaiika pamoto. Chotsala ndi timibulu topepuka ngati mbuliwuli, tofumbutuka ukatifinya ndi zala. Ukathira madzi timabwerera kukhala nyama yaiwisi.

Amayi analemba malamulo papepala n'kumata pa chitseko cha filiji, monga ankachitira ndi ana a sukulu. Galu sasinthidwa chakudya tsiku limodzi, m'mimba mumatseguka. Masiku atatu oyamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale chatsopano, chotsalacho chakale. Kenako theka ndi theka, kenako magawo atatu, kenako chatsopano chokhachokha. Uyeze ndi kapu yoyezera, osati ndi maso. Ufumbutule ndi foloko m'mbale yachitsulo, uthire madzi ofunda, ofunda ngati osambitsa khanda, osati owira. Udikire mphindi zisanu kuti zinyowe. Uike mbale pansi, uchoke, usamuyang'ane galuyo. Zikatha mphindi khumi ndi zisanu uchotse mbale, wadya kapena sanadye, ndipo zotsala utaye chifukwa ndi nyama yaiwisi yonyowa. Utsuke mbale ndi m'manja ndi sopo, utseke zipi ya thumba kuti chinyezi chisalowe. Mzere womaliza anaulemba ndi zilembo zazikulu: osaphika, osaonjeza kalikonse.

Tsiku lachiwiri amayi ananyamuka kupita ku munda wawo ku Chiparamba kukayang'anira okumba mtedza. Anati akakhala masiku khumi. "Akakana, undiimbire," anatero akukwera galimoto. Ndinati, "Amayi, ine palibe amene anandikanapo."

M'mawa mwake ndinachita zonse monga mwa pepala. Fifi anabwera, ananunkhiza, anandiyang'ana, n'kutembenuka kupita kukagona pansi pa mtengo wa mapeyala, osacheuka ngakhale kamodzi. Kayendedwe kameneko ndinakazindikira. N'kamene ndinkaphunzitsa makasitomala pa boda: usaonetse kuti katunduyo ukumufuna, yenda, wogulitsa akuitana yekha. Ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti wogulitsa amene wathamangira wogula waluza kale. Ndinanyamula mbale n'kumuthamangira.

"Fifi, bwanji kodi? Iyi ndi ng'ombe, mwana iwe. Ya ku Lusaka."

Anayasamula.

Ndinayamba ndi mbasela, kaonjezera kokopera kasitomala. Ndinaswera dzira, ananyambita dziralo n'kusiya zinazo. Madzulo ndinathira msuzi wa kapenta wanga, anadya theka. Mawa lake msuzi womwewo sanaufunenso, mtengo unali utakwera. Ndinakhala pa sitepe ndi mbale m'manja, ndipo pamenepo m'mutu mwanga munalowa nzeru ya ku Nabvutika. Ndinatenga kambulu kamodzi n'kulawa. Kanali ngati katoni yonyowa. Ndinadzifunsa kuti, ndani padziko pano angadye nyama yaiwisi, yopanda mchere, yopanda anyezi? Kwathu ukapatsa mlendo ndiwo zotere wamutukwana. Ndinaganiza kuti azungu a ku fakitale anangoiwala kumaliza ntchito.

Ndinaika felempani pa sitovu, mafuta, anyezi, tomato, mchere, n'kuthiramo timibulu tonyika kale tija. Fungo lake, anthuni! Fifi anabwera akuthamanga mpaka kutsetsereka pa simenti. Anatha mbale yonse n'kuinyambita mpaka inafika pa khoma. Ndinaijambula mbale ija n'kutumiza chithunzi ku Chiparamba. Amayi anayankha, "Mulungu akudalitse, mwana wanga."

Apa ndiye pamene pamandivuta kunena. Ndiwo zinali zonunkhira, ndipo ine nyama ya ng'ombe ndinali nditaiona komaliza pa Khirisimasi. Tsiku lotsatira ndinalawa supuni imodzi. Lotsatiralo ndinadzigawira theka. Kuti mbale ya Fifi ioneke yodzaza, malo a nyama imene ndinadya ndinkatsekapo ndi anyezi, poti anyezi ndinali nawo waulere, wotsala m'dengu la asisi. Nyama ine, msuzi ndi anyezi galu. Madzulo aliwonse foni inkalira. "Fifi wadya?" Ine, "Wadya, amayi, mbale yoyera." Ndinkadzitonthoza kuti sindikunama, mbaleyo inalidi yoyera. Za gawo limodzi mwa magawo anayi ndinali nditasiya kalekale.

Tsiku lachisanu ndi chitatu chichokereni amayi, m'mawa ndinakazinga monga mwa masiku onse, koma Fifi sanabwere. Ndinamupeza m'khonde atagona chammbali, akupuma wefuwefu ngati wathamanga. Nditamuimiritsa miyendo inagwedera. Pa simenti panali mkodzo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Chinthu choyamba chimene ndinachita si kuimba foni. Ndinatsuka felempani. Ndinakwirira makoko a anyezi kuseri kwa nyumba. Nditatero m'pamene ndinaimba, n'kunena kuti mwina akuba aponya poizoni pa mpanda.

Amayi anafika dzuwa lisanafike paliwombo, fumbi la kumunda lili m'mapazi. Anangomukulunga Fifi m'chitenje, tonse ulendo kwa dokotala wa ziweto m'tauni. Adokotalawo, bambo wamfupi wosakonda zolankhulalankhula, anakweza mlomo wa galu n'kutionetsa nkhama. Zinali zoyera ngati pepala. "Magazi atha," anatero. "Kawirikawiri zimenezi ndi matenda a nkhupakupa."

Mtima wanga unavina. Nkhupakupa! Ndinayamba kale kukumbukira mokweza kuti ndinaonapo imodzi kukhutu. Adokotala anabaya nsonga ya khutu, anapaka kadontho ka magazi pa kagalasi, n'kuyang'ana pa makina oonera tizilombo nthawi yaitali. Atadzuka anapukusa mutu. "Tizilombo ta nkhupakupa sindikutiona. Wakhala akudya chiyani?"

Amayi anafotokoza zonse, kapu, madzi ofunda, mphindi khumi ndi zisanu. Anatulutsa foni kuonetsa zithunzi za mbale zanga zoyera zija. Anati ndiye kuti ndi chakudya chatsopanocho, mwana wawo watumiza poizoni m'katoni, ndipo iwo ndi amene anavomera. Anayamba kufufuza nambala ya ku Lusaka.

Adokotala sanali kuyang'ana amayi. Ankayang'ana ine. "Achimwene, mbale munkagwira ndinu. Ngati sindidziwa chimene chalowa m'mimbamu ndizingolota, ndipo galu uyu nthawi yolotera alibe."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinaulula zonse nthawi imodzi ngati mwamuna. Ayi. Ngakhale pamenepo, galu akupuma movutika pa tebulo, ndinanenerera.

"Ndinangothirako kamsuzi pang'ono."

"Msuzi wa chiyani?"

"Wa tomato chabe."

"Anyezi?"

"Kachidutswa."

"Kachidutswa kotani?"

"Mmodzi. Nthawi zina awiri."

"Masiku angati?"

"Atatu." Anapitiriza kundiyang'ana. "Asanu ndi limodzi, adokotala. M'mawa ndi madzulo."

Anaika cholembera pansi. Anatiuza kuti anyezi, wophika kaya wamuwisi, amaphwanya magazi a galu pang'onopang'ono, ndipo zizindikiro zimabwera patapita masiku, pamene zinthu zaipa kale. Adyo chimodzimodzi. Kagalu kakang'ono ngati aka sikafuna wambiri. Anati mkodzo wofiira uja anali magazi ophwanyikawo akutuluka. Kenako anafunsa ngati kunyumba kuli galu wina wamkulu, wathanzi.

Ndinathamanga kukatenga Bulaki. Anamumeta pakhosi, anamubaya singano yaikulu, ine nditamukumbatira mutu, magazi akuyenda m'kapaipi kulowa m'thumba. Chigalu chija sichinadandaule n'komwe, chinangondinyambita dzanja. Magaziwo anawalowetsa pa mwendo wa Fifi dontho ndi dontho, masana onse. Amayi anakhala pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi tebulo, kolona m'manja. Ine ndinaima pakhomo. Mpando wina unalipo, koma sindinathe kuukhalira.

Fifi anagonekedwa komweko. Titafika kunyumba amayi analowa m'khitchini n'kunyamula thumba la chakudya lija. Linayenera kukhala lisanafike n'pakati pomwe, koma linali litatsala pang'ono kutha. Analigwedeza, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ana felempani yowala bwino pa thandala la mbale.

"Inakoma?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi.

"Za anyezi sindikukuimba mlandu kwambiri, sunadziwe," anatero. "Njala nayonso ndikuidziwa, ukanapempha. Koma ndinakuuza kuti akakana undiimbire. Mawu amodzi okha, wakana. Anakukanika chifukwa chiyani?"

Yankho ndinali nalo, koma linali lochititsa manyazi kuposa kuba nyama ya galu. Pa boda munthu sunena kuti katundu wakana kuyenda. Ukatero mawa palibe amene akuitana. Ndinaopa kuoneka wolephera pamaso pa mayi wokalamba, ndiye ndinalolera kuti galu wake alipire.

Fifi anabwerako patapita masiku anayi, akuyenda ngati nkhalamba. Adokotala atalola kuti ayambirenso kusintha chakudya, amayi anagwira mbale okha, ine ndikuonera pa windo ndi khasu m'manja, poti anali atandisamutsira ku maluwa. Gawo limodzi mwa anayi, madzi ofunda, mbale pansi, iwo n'kutembenuka kukawerenga nyuzipepala. Fifi ananunkhiza n'kuchoka. Mphindi zitakwana amayi anachotsa mbale. Madzulo Fifi anadya pang'ono. Mawa lake anayesanso kunyanyala, mbale inachokanso. Tsiku lachitatu anadya zonse, zopanda mchere, zopanda kanthu. Pomatha milungu iwiri anali pa chatsopano chokhachokha, ndipo nthiti zinayamba kubisika.

Sanandichotse ntchito, ngakhale asisi anakhala mwezi osandilankhula chifukwa anyezi anali wawo. Mbale ya Fifi anandibwezera patapita miyezi itatu. Lero ndimasamala agalu a nyumba zingapo, ndipo ena mwa iwo ndawasinthira ku chakudya chomwechi. Galu wosankha sumunyengerera ndi zoonjeza, umangochotsa mbale pa nthawi yake. Koma ngati wakana kawiri motsatana, makamaka kagalu kakang'ono, ndimaimbira mwini wake tsiku lomwelo n'kunena mawu oyamba omwe, ndisanapereke n'moni womwe: wakana. Mpaka pano amandivuta, koma ndimawanena.

Chimene sindinazolowere ndi Fifi mwini wake. Amayi anamupempherera, Bulaki anamupatsa magazi, adokotala anamupulumutsa, koma pa nyumba yonseyo amene amamukonda kwambiri ndi ine. Ndikangotsegula geti amandithamangira, mchira uli pikupiku, kundizungulira miyendo, kenako amanditsogolera kukhitchini n'kukhala pansi pafupi ndi sitovu, akundiyang'ana. Akanandiluma kamodzi, bwenzi nditapepukidwa.